Njerwa za balani m'khoma la nyumba yogona

Kugwiritsanso ntchito zomangira ndi mchitidwe wochotsa njerwa, malata, mitengo, zitsulo, zitseko ndi mafelemu pa nyumba imene idatha ntchito, n'kuzimangira nyumba ina. M'dera la Inkosi Zulu ku Mchinji, monganso m'madera ena olima fodya m'chigawo chapakati, nyumba zakale zopereka zomangira zotere si mafakitale aakulu ayi. Ndi mabalani owotcheramo fodya, mashedi osankhiramo ndi kudindiramo mabelo, nyumba zosungiramo mbewu, ndi zigayo zimene zidaleka kulira. Wogula njerwa za balani amayamba n'kuwerengera mtengo, koma kuseri kwa mtengowo kuli funso limene a zipembedzo ndi akatswiri a nzeru zakuya akhala akulisinkha kuyambira kale: kodi chomangira chimasenza kanthu kuchokera kunyumba yake yoyamba? Ngati chimasenza, n'chiyani, ndipo munthu amene akuchilowetsa m'nyumba yogona ana ake ayenera kuchita nacho bwanji?

Kumene zomangirazi zidachokera

Mchinji ndi boma la m'malire a Malawi ndi Zambia, ndipo m'nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning. Mafumu a Chingoni a kuno, monga Zulu ndi Mlonyeni, ndi a mtundu wa Mpezeni, amene Angelezi adamugonjetsa m'chaka cha 1898. Nkhondoyo itatha, malo ambiri a kutsidya, kozungulira Fort Jameson imene lero ndi Chipata, adagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi azungu olima fodya. Kumbali ya Malawi maesiteti adachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu Banda lidalola kuti malo a mafumu asanduke malo a lizi. Fodya wa bale ndi wowotcha m'mabalani ankaloledwa pa maesiteti okha, ndipo alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale m'chaka cha 1990. Njanji yochokera ku Lilongwe idafika ku Mchinji mu 1980, n'kudzalumikizidwa ndi Chipata mu 2010.

Fodya wa bale amauma m'chigafa cha mitengo ndi udzu, chimene chimatha chokha pakapita zaka zochepa. Fodya wowotcha amafuna balani: nyumba yaitali ya njerwa, ya ng'anjo kunja ndi mipope yachitsulo yoyendetsa kutentha mkati, momwe masamba amapachikidwa pafupifupi sabata yathunthu. Esiteti ikaleka fodya wamtunduwu, kaya chifukwa cha kusowa kwa nkhuni, kutsika kwa mitengo ku okushoni kapena kusintha kwa eni, mabalani amatsala chiimire. Popeza kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, n'zosadabwitsa kuti maso a ofuna nyumba amagwera pa makoma amenewa.

Chimene chili m'njerwa yootcha

Njerwa yootcha ndi dothi limene lidakumbidwa, kupondedwa, kuthiridwa m'chikombole, kuyanikidwa ndi kuotchedwa mu uvuni kwa masiku angapo ndi mitengo ikuluikulu. Mitengoyo idapsa kale ndipo sidzabwerera. Choncho m'njerwa iliyonse yakale muli zinthu ziwiri zimene zidalipidwa kale: mphamvu za munthu amene adaiumba, ndi mtengo umene udadulidwa kuti ipse. Woitaya n'kuumba ina amadulitsa mtengo wachiwiri pa ntchito imene woyamba adaigwira kale.

Boma la Malawi lidazindikira kukula kwa vuto la nkhuni pamene mu 2018 lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zothira simenti pang'ono zopanikizidwa ndi makina. Komabe simenti nayo ili ndi mtengo wake, popeza kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 aliwonse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Njerwa yakale sifuna nkhuni zatsopano kapena ng'anjo ya fakitale.

Kuthekera kwa kuichotsa bwino kumadalira chimene adamangira. Khoma lomangidwa ndi matope kapena laimu limaphwasuka njerwa imodziimodzi, ndipo mmisiri amangoipala ndi chikwanje kapena chipande chomangira. Khoma lomangidwa ndi simenti yambiri limagwirana kotero kuti njerwa imasweka isanalekane ndi inzake. Simenti ya mtundu wa Portland, imene Joseph Aspdin adailembetsa ku England mu 1824, idalimbitsa nyumba koma idachititsa kuti kuphwasula mosamala kukhale kovuta.

Nyumba ndi zomangira zake

Anzeru a ku Greece adafunsa ngati chinthu chimadziwika ndi zimene chidapangidwa nazo kapena ndi kapangidwe ndi ntchito yake. Aristotle adasiyanitsa ziwirizi, ndipo chitsanzo chimene ankachikonda ndi nyumba yomwe: njerwa ndi matabwa zimangokhala zoti zingathe kukhala nyumba, koma chimene chimazisandutsa nyumba ndi kuikidwa m'dongosolo loti zitchinjirize anthu ndi katundu wawo. Plutarch adasimba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankachisunga, akumachotsa thabwa lowola n'kuikapo lina, mpaka anzeru adayamba kutsutsana ngati chidali chombo chomwe chija. Patapita zaka mazana ambiri Thomas Hobbes adawonjezerapo kuti, munthu wina akadatola matabwa onse ochotsedwawo n'kumanga nawo chombo, chenicheni chikadakhala chiti?

Funso la Hobbes ndilo limagwa pa balani. Njerwa zake zonse zikasamutsidwa n'kumangira nyumba ya zipinda zitatu, khonde ndi mawindo, balani silidasamuke. Lidatha tsiku limene ng'anjo, mipope ndi kutalika kwake zidachotsedwa, chifukwa balani lidali dongosolo lowotchera fodya. Nyumba yatsopanoyo ndi chinthu china, ngakhale dothi lake ndi lomwe lija. Ku Japan kachisi wamkulu wa ku Ise amamangidwanso zaka 20 zilizonse, ndipo komaliza kudali mu 2013. Opembedza amamuona ngati kachisi yemweyo ngakhale matabwa ndi atsopano, pamene matabwa akale amagawidwa kukamangira akachisi ena. Kuganiza kotere kumaika umwini wa dzina pa dongosolo ndi ntchito, osati pa thabwa.

Komabe mfundoyi siimaliza nkhani. Njerwa ingaleke kukhala gawo la balani, koma siileka kukhala njerwa imene wina adaumba, imene ili ndi mwini, ndiponso imene idakhudzana ndi utsi, mafuta kapena mankhwala. Dzina la nyumba limatha, koma zimene zidachitikira chomangira zimapita nacho.

Mwambo wa makolo

Kwa Achewa ndi Angoni nyumba sidali malo ogona chabe. Kale m'midzi yambiri ya Achewa mwini nyumba akamwalira, nyumba yake inkagwetsedwa maliro akatha, ndipo mudzi ukachulukirwa ndi imfa anthu ankasamuka n'kusiya bwinja. Mitengo ya kumanda siidulidwa kuti ikhale phaso kapena nkhuni, n'chifukwa chake m'madera ambiri a m'chigawo chapakati nkhalango zachilengedwe zotsala ndi za manda. Palinso chikhulupiriro chakuti nyumba, munda kapena chigayo chingathe kutsirikidwa, ndipo kuti wotengapo kanthu popanda chilolezo angatengere tsoka.

Miyambo imeneyi imaonetsa kuti makolo ankakhulupirira kuti chinthu chimamangika kwa munthu. Koma poiyang'anitsitsa, sinkaletsa chakale chilichonse. Nsichi ndi mizati yolimba inkazulidwa posamuka n'kukaimikidwa pamalo atsopano, ndipo mtondo, mphero ndi khasu zinkadutsa m'manja mwa mibadwo. Chimene chinkaopedwa ndi kutenga cha wakufa mwambo usanathe, kutenga cha mizimu, kapena kutenga cha mwini mwakuba. Pa zitatu zonsezi vuto lili pa ubale wa anthu umene sudalongosoledwe. Ubalewo ukakonzedwa pamaso pa mwini mbumba ndi nyakwawa, katundu amagawidwa ndipo amagwira ntchito. Nyumba za njerwa ndi malata zitafala, mwambo wogwetsa udazilala, chifukwa mabanja adaona kuti si nzeru kuwononga chimene amasiye angakhalemo.

Zimene malemba amaphunzitsa

M'Baibulo muli mizere iwiri ya chiphunzitso pa nkhaniyi. Woyamba ndi wochenjeza. Levitiko mutu 14 umalongosola za nyumba yogwidwa nguwi m'makoma: wansembe ankaiyendera, n'kuitseka masiku 7, ndipo nguwiyo ikafalikira, miyala yogwidwayo inkachotsedwa n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, makoma n'kupalidwa, miyala ina n'kuikidwapo. Nyumba yonse inkagwetsedwa pokhapokha vutolo likabwereranso. Lamuloli silitaya mwala chifukwa cha ukale wake. Limafuna kuti wodziwa auone kaye, achotse woipa, asunge wabwino.

Mzere wachiwiri ndi woletsa kuwononga. Deuteronomo mutu 20 umaletsa kudula mitengo ya zipatso ngakhale pa nkhondo, ndipo aphunzitsi a Chiyuda adatengapo lamulo loletsa kuwononga chilichonse chothandiza. Pa Yohane mutu 6 Yesu atadyetsa khamu la anthu adalamula kuti makombo atoledwe. Nehemiya adamanganso linga la Yerusalemu m'masiku 52 pakati pa milu ya zogumuka, Sanibalati akumuseka kuti miyala yopserera singagwirenso ntchito. Korani nayo, pa sura 7 ndi sura 17, imadzudzula kumwaza chuma, ndipo mzikiti waukulu wa ku Córdoba, umene udayamba kumangidwa cha m'ma 785, udaimikidwa pa mizati yochotsedwa m'nyumba zakale za Aroma ndi Avisigoti. M'chaka cha 2015 Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si', adadzudzula chizolowezi chogwiritsa ntchito chinthu kamodzi n'kutaya, n'kuchiona ngati muzu umodzi ndi kutaya anthu osauka.

Pa funso lakuti kodi chinthu chingadetse munthu chifukwa cha kumene chidachokera, Chipangano Chatsopano chimayankha momveka. Pa Marko mutu 7 chodetsa munthu ndi chotuluka mumtima mwake. Paulo, polembera Akorinto za nyama yoperekedwa kwa mafano, adati nyamayo payokha ilibe mphamvu, koma adalangiza kuti wodziwa zimenezi asapweteke chikumbumtima cha mbale wake amene akuopa. Mfundo ziwirizi zimagwira ntchito pa nyumba. Njerwa ilibe tchimo, komabe mwamuna kapena mkazi amene akuopa kugona m'nyumba yomangidwa ndi njerwa za pabwinja safunika kusekedwa. Amafunika kumvedwa, ndipo mabanja ambiri amathetsa mantha otere poitana abusa, ansembe kapena shehe kudzapempherera nyumba asanalowemo.

Thukuta la matenanti

Funso limakula pamene nyumba yakaleyo idali malo a masautso. Maesiteti ambiri a fodya ankadalira matenanti, mabanja ochokera kutali amene ankapatsidwa chakudya ndi zipangizo pa ngongole n'kumadikira malipiro fodya akagulitsidwa. Ambiri ankamaliza chaka opanda chotsala, ndipo ana awo ankagwira nawo ntchito m'malo mopita kusukulu. Nyumba ya Malamulo idaletsa mchitidwe wa utenanti posintha lamulo la ntchito mu 2021. Aneneri adalankhula za nyumba zomangidwa motere: Yeremiya mutu 22 amadzudzula mfumu yomanga nyumba osalipira antchito, ndipo Habakuku mutu 2 amayerekeza miyala ndi mitanda ya nyumba yotero ngati mboni zoneneza mwini wake.

Ena angaganize kuti zomangira za malo otere ziyenera kusiyidwa kuti zigwe zokha. Koma mlandu umene aneneri amanena ndi wa womanga wosalungama, ndipo kusiya njerwa kuti ziphwanyike m'tchire sikubwezera tenanti aliyense malipiro ake. Mbiri ya mpingo m'dera lino la Africa idatsata njira ina. Tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Zanzibar chidamangidwa pamalo a msika wa akapolo umene udatsekedwa mu 1873. Cha ku Likoma, chimene chidayamba kumangidwa mu 1903, chili pa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Omangawo sadathawe malo oipitsidwa. Adawapatsa ntchito yotsutsana ndi yakale, ndipo sadabise chimene chidachitikapo.

Mwa njira yomweyo, njerwa zimene adaumba anthu osalipidwa mokwanira zimachita chilungamo chochuluka zikasanduka nyumba za mabanja, chipinda chophunziriramo kapena nyumba ya mphunzitsi kusiyana ndi kukhala mulu wobisalamo njoka. Apa pakutuluka udindo wa mwini esiteti pogulitsa: anthu a midzi yozungulira, makamaka amene adagwirapo ntchito, ndiwo oyenera kuganiziridwa poyamba ndiponso pa mtengo wotheka.

Zimene zimatsaliradi m'chomangira

Pali zinthu zina zimene chomangira chimasenzadi, ndipo pemphero silizichotsa. Madenga ndi masiling'i ena akale adapangidwa ndi simenti yosakaniza ndi asibesitosi, mwala waulusi umene unkakumbidwa kwambiri ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe. Ukadulidwa kapena kusweka umatulutsa fumbi limene limayambitsa khansa ndi matenda a m'mapapo patapita zaka zambiri, ndipo bungwe la World Health Organization limati mitundu yake yonse ndi yoopsa. Pansi ndi makoma a chipinda chimene munkasungidwa mankhwala ophera tizilombo kapena feteleza zimamwa mankhwalawo. Mitengo yothiridwa phula lakuda loteteza ku chiswe siyenera m'chipinda chogona kapena pamoto wophikira. Penti wakale angathe kukhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana.

Kulimba nako kumafuna kuyesedwa. Njerwa za pafupi ndi ng'anjo ya balani zimakhala zitaphikidwa zaka zambiri ndipo zina zimafumbutuka. Amisiri amagundanitsa ziwiri: yolira bwino ndi yabwino, yolira mogonthera ili ndi mng'alu mkati. Malata akale amaonedwa dzimbiri ndi mabowo a misomali, ndipo odyeka kwambiri amayenera mpanda kapena khola, osati denga. Mitanda imaonedwa chiswe ndi anankafumbwe, makamaka kumapeto kumene idalowa m'khoma. Zidutswa za njerwa zimathandiza pothira pansi asanaike simenti. Ntchito yoyendera imeneyi ndi yofanana ndi ya wansembe wa m'Levitiko, ndipo ndi nkhani ya chikumbumtima, chifukwa wogulitsa chomangira chowopsa osanena, kapena womangira nacho nyumba ya lendi podziwa, amaika moyo wa mnzake pachiswe kuti iye apulumutse ndalama.

Mwini wake

Nyumba yosagwira ntchito siikhala yopanda mwini. Balani la pa esiteti ndi la mwini lizi, depoti ya ADMARC ndi ya bungwelo, ndipo njanji ndi zitsulo zake ndi chuma cha dziko ngakhale sitima itakhala nthawi yaitali osadutsa. Kukanganula malata usiku ndi kuba, ndipo cholinga chabwino cha nyumba yomangidwayo sichisintha dzina la mchitidwewo. Kumawononganso, chifukwa denga likachoka mvula imalowa m'makoma a matope ndipo njerwa zimene zikadathandiza mabanja ambiri zimagwa n'kusweka. Pa mfundoyi mwambo wa makolo, malamulo khumi, chiphunzitso cha Chisilamu ndi lamulo la boma zimagwirizana.

Umwini nawo uli ndi malire ake. Chiphunzitso cha Chikhristu ndi cha Chisilamu chimaona munthu ngati kapitawo wa zimene Mulungu adamusungitsa. Mwini amene amasiya mashedi kuti aole pamene oyandikana nawo akugona m'nyumba zodontha sadaphwanye lamulo la boma, koma walephera pa ukapitawo. Njira yolungama ndi kugulitsa kapena kupereka poyera, pamaso pa mboni ndi mfumu ya m'deralo, n'kulemberana kuti pasadzabuke mlandu.

Kubisa kapena kuonetsa

Funso lotsiriza ndi la kamangidwe. M'midzi yambiri nyumba yolemekezeka ndi yopakidwa pulasitala ndi penti, ndipo chomangira chakale chimabisidwa poopa kuoneka wosauka. Kwina zomangira zakale zakhala zikuonetsedwa dala. Chipilala cha Constantine ku Rome, cha m'chaka cha 315, chili ndi zosema zochotsedwa pa zipilala za mafumu akale. Ku Ningbo m'dziko la China, nyumba yosungiramo zakale imene adajambula Wang Shu, yotsegulidwa mu 2008, idakutidwa ndi njerwa ndi matailosi ochokera m'midzi yogumulidwa. Ku Copenhagen, nyumba zogona 92 zotchedwa Resource Rows, zimene idajambula kampani ya Lendager, zili ndi makoma a njerwa zochokera kufakitale yakale ya mowa ya Carlsberg ndi nyumba zina. Popeza simenti idagwira njerwazo molimba, amisiri adacheka khoma m'zigamba za mita imodzi mbali zonse n'kuziyala moti aliyense aone kuti zidachokera kosiyanasiyana.

Palibe lamulo la chipembedzo lokakamiza kuonetsa kapena kubisa. Pulasitala amateteza njerwa yofooka ku mvula, ndipo kumene akufunika ayenera kupakidwa. Choyenera kupewa ndi bodza, monga kugulitsa nyumba ya malata akale opakidwa penti ngati atsopano, ndiponso manyazi opanda maziko amene amachititsa banja kulowa m'ngongole kapena kudulitsa mitengo pamene njerwa zabwino zilipo pafupi. Khoma limodzi la pakhonde losiyidwa losapaka lingathandize ana kudziwa kuti m'dera lawo mudali maesiteti, ndi kuti adagwiramo ntchito ndani.

Yankho la funso lonse lili ndi mbali ziwiri. Chomangira sichisenza tchimo, tsoka kapena dzina la nyumba yake yoyamba, chifukwa zimenezi zimakhala mwa anthu ndi m'ntchito imene nyumbayo inkagwira. Chimasenza ntchito ya amene adachipanga, mtengo umene udapsa, ufulu wa mwini wake, ndiponso nthawi zina mankhwala kapena kufooka. Pa chifukwa chimenechi kuchigwiritsanso ntchito n'koyenera, ndipo nthawi zambiri n'kwabwino kuposa kuumba chatsopano, malinga chapezedwa mwachilungamo, chayesedwa ndi mmisiri wodziwa, sichibisidwa kwa wodzakhala m'nyumbamo, ndipo onse a m'banjamo agwirizana nacho ndi mtima womasuka.